Ana athu amayankha bwino m'Chingerezi, koma kufunsa n'kumene kukuwakanika

A Mkonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi aphunzitsi anzathu a Chingerezi, a kupulayimale ndi a kusekondale omwe, pa nkhani yooneka yaing'ono koma imene imawapweteka ana akachoka pasukulu. Mwana wa Sitandade 7 kapena wa Fomu 2 muno mu Mzuzu mukamufunsa kuti "Where do you live?" akuyankhani bwinobwino kuti amakhala ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa. Koma mumuuze kuti naye akufunseni funso lomwelo. Mumva "You live where?" kapena "Where you live?", apo ayi angoti duu, maso pansi. Chifukwa chake n'chosabisika. M'kalasi wofunsa ndi mphunzitsi, kuyambira belu loyamba mpaka loweruka, ndipo ntchito ya mwana n'kuimika dzanja ndi kuyankha. Kunyumba nako anamuuza kuti mwana waulemu sachulutsa mafunso kwa akuluakulu. Nanga luso lofunsa alitenge kuti?

Tiyambe ndi gwero la vutoli, chifukwa mphunzitsi wosalidziwa amangotha mawu ndi kukalipa. M'Chichewa mawu sasuntha chiganizo chikasanduka funso. "Ukupita kumsika" ndi "Ukupita kumsika?" mawu ake ndi omwewo, changosintha n'kakwezedwe ka mawu, mwina ndi "kodi" kumayambiriro. Liwu lofunsira limakhala pomwe pakanakhala yankho: "Ukupita kuti?", "Wagula chiyani?", "Abwera liti?" Chitumbuka, chomwe ana ambiri muno amalankhula kunyumba ndi pabwalo lamasewero, chimayenda chimodzimodzi: "kasi" kumayambiriro, "nkhu" kapena "vichi" kumapeto. Choncho mwana wonena kuti "You bought what?" si mbuli ayi. Wangonyamula malamulo a chinenero chake n'kuwatula m'Chingerezi, monganso amachitira akamati "Who is your name?" potsatira "Dzina lako ndani?"

Chingerezi chimafuna zinthu ziwiri zomwe kwathu kulibe. Liwu lofunsira lipite kutsogolo, ichi ana amachigwira msanga. Chachiwiri ndiye pagona nkhani: mneni wothandiza adumphe mwininkhani n'kuima patsogolo pake, kuti "You are going" isanduke "Are you going". Chiganizo chikakhala chopanda mneni wothandiza, pamabwerekedwa "do", "does" kapena "did", timawu tomwe mwana sangatimasulire m'chinenero chake chifukwa m'funsomo tilibe tanthauzo. Timawuti tikalowa, timalanda nthawi ya mneni n'kumusiya mneniyo ali wosavala kanthu. Pafupifupi zolakwika zonse zomwe timamva, monga "Did you went?", "Does she sells?", "What means this word?", zimachokera pa kamneni kothandizaka. Kulemba lamulo pabolodi kuti ana akopere sikuchiza matendawa. Lilime limafuna kubwereza kambirimbiri, ndipo limabwereza mokondwa pokhapokha ngati wofunsayo sakulidziwadi yankho.

Chochita choyamba, musanawatulutse m'magulu, n'kuwaonetsa ndi maso kusuntha kwa mawu. Tengani katoni ya sopo kapena ya shuga kugolosale, mudule makadi aakulu ngati chikuto cha kope lalikulu. Lembani liwu limodzi pakadi iliyonse, zilembo zotalika ngati chala chamkombaphala kuti wokhala kumbuyo aone. Ngati palibe cholembera chachikulu, khala lakuda limagwira. Aneni othandiza alembeni ndi mtundu wina, kapena mumate kachitambala kofiira pakona, kuti diso liwazindikire msanga. Itanani ana anayi aime kutsogolo atanyamula SHE, IS, SELLING, BANANAS. Kalasi iwerenge. Kenako funsani kuti, "Tikafuna kufunsa, asunthe ndani?" Wonyamula IS ayende yekha adutse kutsogolo kwa SHE, wachisanu abwere ndi mfunsiro kumapeto. Mukafuna funso la "what", wonyamula BANANAS akhale pansi, wina athamange ndi kadi ya WHAT, ayambe waima pomwe panali nthochi paja, kenako kalasi imuthamangitsire kutsogolo kwa mzere. Kuima kaye pamalo a nthochi n'kofunika, chifukwa ana akuona funso la Chichewa likusanduka la Chingerezi pamaso pawo.

Pa "does" pali kachenjerero kamodzi kamene kamathetsa mavuto ambiri. Mneni SELLS musamulembe pakadi imodzi. Lembani SELL payokha ndi S payokha, ana awiri aime moyandikana mapewa atagundana. Pofunsa, kadi ya DO ilowa kutsogolo, ndipo wonyamula S achoke kwa SELL n'kukakakamira kwa DO. Kumbuyo kwa kadi yakeyo lembani ES kuti akangoitembenuza pawerengeke DOES. Mwana amene waona S akusamuka ndi miyendo sabwereranso msanga ku "Does she sells", chifukwa akudziwa kuti S alipo mmodzi ndipo sangakhale kuwiri. Pa nthawi yakale chitani chimodzimodzi: kadi yolembedwa WENT kutsogolo ndi GO kumbuyo, BOUGHT ndi BUY, ATE ndi EAT. DID akangolowa, wonyamula mneni atembenuze kadi. Makadi 25 kapena 30 akwana teremu yonse. Mphindi 5 zakwana pa ntchitoyi. Ikapitirira apo isanduka sewero la ana asanu, ena 80 akungoonerera.

Apa ndi pomwe ambiri timalekera, n'kulemba ntchito pabolodi. Komatu mwana wangoona, sanalankhule.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndiyo kupereka mayankho kuti ana apeze mafunso. Lembani pabolodi mayankho 6, monga "At six o'clock", "In Luwinga", "By bicycle", "Because it was raining", "My aunt", "Twice a week". Awiriawiri apange funso loyenera yankho lililonse, pakamwa, osalemba. Mmodzi afunse, mnzake ayankhe ndi zomwe zili pabolodi, ndipo ngati yankho silikugwirizana ndi funso amva okha kuti pena pasokonekera. Sankhani mayankho mwadala kuti akoke mtundu wa funso womwe mukuphunzitsa sabata imeneyo. "Twice a week" amakoka "How often", "For three years" amakoka "How long", "Two kilometres" amakoka "How far". Atatuwa ana amawasokoneza kwambiri, ndipo sadzawasiyanitsa mpaka atawamva ali pafupi ndi mayankho awo.

Ina yofanana nayo ndi ya kuwomba m'manja. Mphunzitsi anena chiganizo, koma pamalo pa liwu limodzi awombe m'manja kapena atsokomole. Akanena kuti "My brother went to", phwa, "yesterday", kalasi iyenera kufunsa kuti "Where did your brother go?" Mukachita zitsanzo zinayi, asiyireni okha m'magulu a anthu anayi, aliyense abise liwu m'chiganizo chake. Sewero limeneli ndi labwino pophunzitsa chinthu chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira anzeru. Akazolowera "did", amayamba kumuthira paliponse ngati mchere, mpaka kumati "Who did break the chair?" Wombani m'manja kumayambiriro kwa chiganizo, pamalo pa wochita ntchitoyo, n'kumaliza ndi "broke the chair". Aone kuti tikamafunsa za mwininkhani palibe chosuntha ndipo "did" safunika: "Who broke the chair?" Kenako wombani kumapeto kwa "I saw", funso likhale "Who did you see?" Langizo lathu n'lakuti mitundu iwiriyi musaiphunzitse tsiku limodzi. Lolani "did" akhazikike kaye kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukafulumira, ana amataya zonse ziwiri.

Tsopano tifike pa ntchito yomwe ife timaiona kuti ndi yaphindu kuposa zinzake, ngakhale imafuna kukonzekera. Ana awiri akhale ndi theka la uthenga aliyense, ndipo asapeze theka linalo popanda kufunsa. M'mabuku olembedwa kunja amati mupereke mapepala awiri osiyana, koma ndani ali ndi ndalama ya fotokope ya ana 90? Chitani motere. Jambulani tebulo la mizere 5 ndi madanga 5 pabolodi. Mizere ikhale anthu asanu ongopeka ochita malonda mumsika, madanga akhale komwe amakhala, zomwe amagulitsa, nthawi yomwe amadzuka, chomwe amakwera popita kumsika, kaya kabaza, minibasi kapena wapansi, ndi chiwerengero cha ana awo. Mwa mabokosi 25, siyani 10 opanda kanthu. Tebulo lomwelo lijambuleni papepala lalikulu kapena pa thumba la simenti long'ambidwa n'kuwongoledwa, koma uko musiye mabokosi ena 10, osati omwe aja, ndipo mulimate kukhoma lakumbuyo. Mzere woyamba wa ana utembenuke uyang'anizane ndi wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi, mpaka kumapeto. Otembenuka akuona khoma lakumbuyo, anzawo akuona bolodi. Aliyense akopere tebulo lomwe akuliona m'mphindi 4, kenako afunsane mpaka mabokosi atadzaza. Mphindi 8 zakwana. Mwana aliyense afunsa mafunso 10 a "does" ndi mafunso ena, pomwe m'phunziro la masiku onse sakanafunsa ndi limodzi lomwe.

Zomwe zimalakwika pa ntchitoyi n'zodziwika, ndipo mphunzitsi azikonzekere. Ana amangoonetsana makope n'kukopera. Ena amafunsana m'Chitumbuka kapena m'Chichewa chifukwa n'chachangu. Ena, ochenjera, amangoti "Where?" kapena "Time?" akuloza bokosi, mnzawo n'kumva. Zonsezi zimachitika mwana akaganiza kuti cholinga n'kudzaza tebulo, komanso ngati funsolo silinakonzeke m'kamwa mwake. Choncho musanayambe, pangani mafunso asanuwo pamodzi ndi kalasi, muwalembe pambali pa bolodi, awanene mokweza kawiri. Ntchito ikayamba, fufutani pang'onopang'ono. Pakatha mphindi 2 chotsani "does" yense n'kusiya mzere, pakatha zina 2 chotsani aneni, mpaka patsale mawu ofunsira okha. Makope akhale pamiyendo kapena kuseri kwa buku loimika. Ndipo mupatseni woyankha mphamvu yokana: ngati funso labwera loduka, ayankhe kuti "Full question, please." Ana amasangalala kukhala apolisi a anzawo kuposa mmene mungaganizire.

Za kulankhula chinenero chakwawo, ife sitigwirizana ndi zilango. Mwana woopa kusesa kapena kukolopa chifukwa cha liwu limodzi la Chitumbuka sayamba kulankhula Chingerezi, amangosiya kulankhula. Njira yabwino n'kupatsa aliyense timiyala 5, nyemba kapena zitsekerero za mabotolo. Akafunsa funso lathunthu m'Chingerezi, aponye kamodzi pakati. Amene watha timiyala take wamaliza ntchito. Mphunzitsi akamadutsa amaona ndi maso kuti uyu akadali ndi tonse m'manja, ndiye amaima pamenepo.

Pa mafunso ofuna "yes" kapena "no", thumba lobisa kanthu limathandiza. Ikani chinthu m'jumbo yakuda, kaya chipande, loko, peyala kapena bokosi la machesi. Kalasi ili ndi mafunso 10 okha kuti idziwe. Vuto n'lakuti ana amathamangira kulota, "Is it a pen? Is it a book?", n'kutha mafunso onse ndi "is" yekhayekha. Ikani lamulo kuti mafunso 6 oyamba asatchule dzina la chinthu, ndipo liwu loyambira lisabwerezedwe motsatizana. Wina akayamba ndi "is", wotsatira ayambe ndi "can", "do", "does" kapena "has". Apo ndiye mumva "Can we eat it?", "Do women use it?", "Does it make a sound?" Mukatero kamodzi ndi kalasi yonse, lipititseni kumagulu a ana 6, chinthucho chingolembedwa pakapepala.

Sewero la msika aliyense amalidziwa, ndiye sitikhalitsapo. Tingochenjeza kuti "Tomato bwanji?" imabereka "Tomatoes how much?", ndipo ana amatha sewero lonse ndi mawu awiriwo ngati simuwapatsa chofunsa china. Wogula apatsidwe kapepala ka zinthu zitatu zoti adziwe asanagule: mtengo, komwe katunduyo wachokera, ndi kuchuluka kwake pamulu. Ikani pamodzi zowerengeka ndi zosawerengeka, mazira ndi ufa, nthochi ndi mafuta ophikira, kuti "How many" ndi "How much" agundane.

Ntchito ya mafunso a nthawi yakale, yomwe a Sitandade 8 ndi a kusekondale amaikonda koposa, ndi mlandu wa nkhuku. Auzeni kuti Loweruka masana, pakati pa 2 koloko ndi 5 koloko, tambala wa agogo ena anasowa, ndipo anthu awiri akuganiziridwa. Awiriwo atuluke panja kwa mphindi 4 akapangane bodza limodzi: anali kuti, anapita bwanji, anakumana ndi yani, anadya chiyani, analipira ndani. Otsala, m'magulu, akonze mafunso 8 gulu lililonse. Oganiziridwa alowe mmodzimmodzi, afunsidwe mafunso omwewo, ndipo bwalo lisake pomwe mayankho asemphana. Akasemphana katatu, mlandu wawagwera. Ubwino wake n'kuti funso lililonse limanenedwa kawiri, kachiwiriko lili lowongoka kale, ndipo omvera amatchera khutu chifukwa akusaka bodza. M'kalasi yaikulu tulutsani anthu 8, awiriawiri, kalasi igawike mabwalo 4, ndipo mwa awiri a bwalo limodzi, mmodzi asamve zomwe mnzake akuyankha. Wina adikire pakhomo.

Pano pali zoti musamale nazo. Musasankhe mwana amene anzake amamunena kale kuti ndi wamanja aatali, chifukwa dzinalo limutsatira mpaka kunyumba. Sankhani olimba mtima, okondedwa ndi anzawo. Musalole mafunso onse kukhala a "did you", chifukwa woyankha amangoti "yes", "no", osatopa. Lembani pabolodi mawu ofunsira 7, who, what, where, when, why, how, which, ndipo gulu lililonse ligwiritse ntchito osachepera 5. Mumvanso "You went with who?" Awa ndi malo abwino oonetsera kuti mperekezi amatha kutsalira kumapeto: "Who did you go with?", "What did you talk about?" Ndipo popeza Chichewa ndi Chitumbuka sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, sankhani mnyamata ndi mtsikana kuti pofunsa za mnzake uja "he" ndi "she" ayesedwe.

Pali msampha wina womwe si wa kufunsa kokha komanso wa kuyankha, ndipo uwu umavulaza munthu pa intavyu ya ntchito, kuchipatala ngakhale kukhoti. Kwathu wina akati "Sunadye?" ndipo sunadyedi, umati "Ee", kuvomereza zomwe wanena. M'Chingerezi "Didn't you eat?" amayankhidwa kuti "No" ngati sunadye, chifukwa "yes" ndi "no" wawo amatsata zomwe zachitika, osati mawu a wofunsa. Kufotokoza lamuloli kumangozunguza mitu. Chomwe chimagwira n'kuletsa "yes" kapena "no" wayekha kwa teremu yonse. Yankho likhale "No, I didn't" kapena "Yes, I did". Mwana akayesa kunena "Yes, I didn't" khutu lake limayamba kukana lokha pakapita masabata.

Timafunso tapamapeto pa chiganizo, tomwe timabwera kawirikawiri pamayeso, ana amatikhoza papepala koma pakamwa onse amati "isn't it?", chifukwa kwathu "eti?" kapena "si choncho?" amakwanira paliponse. Njira yake ndi ya masiku awiri. Lolemba aliyense afunse mnzake mafunso 5 okhudza moyo wake, osalemba mayankho. Lachiwiri akumbukire, atsimikize: "You live in Masasa, don't you?", "You can't swim, can you?", "Your sister is in Form 1, isn't she?" Akakumbukira molondola apeza malikisi amodzi, kafunso kakalondola enanso amodzi. Auzeninso kuti ngati ukutsimikiza, mawu amatsika kumapeto, ndipo amakwera pokhapokha ukukayika.

A Fomu 3 ndi 4 akufunika mafunso aulemu, omwe munthu amafunsa mlendo kapena wamkulu. Chodabwitsa n'chakuti apa mawu amabwerera m'malo mwake. "Where is the post office?" imasanduka "Could you tell me where the post office is?", ndipo mwana yemwe tamuvutitsa zaka zitatu kuti azidumphitsa mneni tsopano tikumuuza kuti asadumphitse. Bweretsaninso makadi aja aone IS akubwerera kumbuyo ndi DOES akukhala pansi. Kenako mmodzi akhale mlendo amene watsika basi padepoti, wina akhale wa muno. Mlendo afunse njira ya ku Mzuzu Central Hospital, ya ku Mzuni ku Luwinga, kusitediyamu, kumsika wa Taifa, ndi pomwe angakwere galimoto ya ku Nkhata Bay kapena ku Karonga. Wa muno asayankhe funso losayamba ndi "Could you tell me" kapena "Do you know". Popeza malowo amawadziwa, mutu wonse umapita pa kapangidwe ka funso.

Tinenepo za kakonzedwe ka zolakwika, chifukwa ntchito zabwino zambiri zimafera pamenepa. Ana akamafunsana m'magulu, mphunzitsi asadule mawu. Ayende ndi kapepala, alembe zolakwika 5 zomwe zamveka kawirikawiri, popanda mayina. Pomaliza azilembe pabolodi, kalasi ikonze. Pa nthawi ya makadi kapena pamene mwana mmodzi akufunsa kalasi yonse ikumva, konzani pompo koma ndi zala. Mwana akati "Where you live?", imikani zala zinayi, mubwereze mawu ake chala ndi chala, mudumphe chachiwiri n'kuchigwedeza. Iye mwini apeza kuti pakusowa "do". Kupingasa zala ziwiri kutanthauze kuti mawu asinthane malo. Zizindikiro ziwirizi zikazolowereka, mumakonza osatsegula pakamwa, ndipo mwana sachita manyazi. Kuseka wolakwitsa kuletsedwe tsiku loyamba lomwe. Atsikana achisodzera makamaka, akasekedwa kamodzi, mwina simudzawamvanso chaka chonse. N'chifukwa chake tikuti aliyense ayambe wayesa funso lake ndi mnzake wapafupi asanalinene pagulu.

Phokoso lidzakhalapo. Ana 40 akamafunsa nthawi imodzi kalasi siingakhale ngati tchalitchi. Adziwitseni ahedi ndi mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nanu lisanafike tsikulo, ndipo mugwirizane ndi ana chizindikiro chosiyira, monga kukweza dzanja kuti aliyense woliona akhale chete naye n'kukweza lake. Kukacha bwino atulutseni panja, aime mizere iwiri yoyang'anizana, afunsane kwa mphindi imodzi, kenako mzere umodzi usunthe ndi munthu mmodzi kuti aliyense apeze mnzake watsopano. Kusuntha kasanu ndiye kuti funso lomwelo lanenedwa kasanu popanda kutopetsa. Koma muno mu Mzuzu mvumbi ukagwa masiku atatu, kapena kuzizira kwa mu Juni kukafika, panja sipakhalika, ndipo mvula ikamawomba malata mawu a mphunzitsi samveka kumbuyo. Masiku oterowo ntchito ya awiriawiri ndiyo imatheka, chifukwa mnzako ali pakhutu pomwepo.

Tikudziwa chimene anzathu a makalasi a mayeso anene: silabasi ndi yaitali, ndipo mayeso a Chingerezi a MANEB, kaya a PSLCE, JCE kapena MSCE, ndi olemba, palibe wodzamvera mwana akulankhula. N'zoona. N'chifukwa chakenso magawo a kumva ndi kulankhula m'mabuku ochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi amene amayamba kudumphidwa teremu ikafupika. Koma sitikupempha phunziro lonse. Mphindi 10 mwa 35 kapena 40, katatu pasabata, zakwana. Ndipo mwana amene khutu lake limakana "Did you went" amasankha yankho lolondola pa galamala mosachedwa, amalemba zokambirana za anthu m'chimangirizo mosalakwitsa, ndiponso savutika posintha funso kukhala mawu ochita kufotokoza. Tisaiwale kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza maphunziro ena.

Pempho lathu kwa alangizi a maphunziro a kupulayimale, ma PEA, n'lakuti pamisonkhano ya aphunzitsi ku TDC, malo omwe aphunzitsi a m'dera amakumana kuti asulidwe, apatule ola limodzi loti aphunzitsi achite okha masewerowa, anyamule makadi, atembenuke mizere, aweruze mlandu wa tambala. Njira yongoimva pofotokoza munthu saiyesa m'kalasi ya ana 90. Oyendera makalasi nawonso, m'malo mongowerenga mafunso omwe mphunzitsi wafunsa, awerengeko omwe atuluka m'kamwa mwa ana. Zipangizo zonse tatchulazi ndi za TALULAR, kutanthauza zophunzitsira zotola pakhomo, ndiye nkhani ya ndalama isakhale chodzikanira.

Makolo nanu muli ndi mbali, ngakhale Chingerezi musachidziwe. Mwana akabwera ndi ntchito yoti afunse agogo kapena amalume mafunso 5 a mmene moyo unalili kale, muloleni afunse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, musamuthamangitse kuti wachuluka nzeru. Mawa lake kusukulu anzake ndi amene adzamufunse m'Chingerezi zomwe wamva: "Where was your grandmother born?", "When did she come to Mzuzu?", "What did people eat?"

Pofuna kudziwa ngati zikuyenda, mphunzitsi asadikire mayeso a kumapeto kwa teremu. Ajambule madanga 4 m'kaundula wake: liwu lofunsira kutsogolo, mneni wothandiza alipo, mneni wamkulu ali wosavala, yankho lalifupi lolondola. Sabata iliyonse amvetsere ana 10 okha pamene akufunsana, achonge. M'kalasi ya ana 90, pakutha masabata 9 aliyense wamvedwa kamodzi, ndipo danga lomwe lili ndi mipata yambiri ndilo likuuzani makadi oti mutulutse Lolemba lotsatira.

Ife,
Aphunzitsi a Chingerezi,
Mzuzu